Kuyeza Magazi a Galu wa Greyhound Wopuma pa Mpikisano: Manambala Ake Aŵerengedwe ndi Muyezo Wake

Pepala la zotsatira za magazi likabwera kuchokera ku labotale, limakhala ndi mizere iŵiri ya manambala. Mzere woyamba umaonetsa zimene zapezeka m'magazi a nyama imene yayezedwa, ndipo wachiŵiri umaonetsa malire amene nyama yathanzi iyenera kukhalamo. Malire ameneŵa amapezedwa poyeza nyama zambiri zathanzi ndi kutenga manambala a nyama 95 mwa 100 zilizonse. Ambirife tinazoloŵera kungoyang'ana ngati nambala yoyamba yagwera mkati mwa malirewo, osafunsa kuti kodi nyama zimene anatengerapo malirewo zinali za mtundu wanji. Galu wa greyhound ndiye chitsanzo chomveka bwino cha kufunika kwa funso limeneli, pakuti magazi ake akaŵerengedwa ndi muyezo wa agalu wamba, wathanzi amaoneka wodwala ndipo wodwala amaoneka wathanzi.

Galu ameneyu ndi wotani

Greyhound ndi galu wa miyendo italiitali, chifuwa chachikulu, minofu yochuluka ndi mafuta ochepa kwambiri. Amasaka ndi maso koposa mphuno, ndipo pa mtunda waufupi amathamanga liŵiro la makilomita pafupifupi 70 pa ola. Ku Britain, Ireland, Australia ndi America agaluŵa akhala akuŵetedwa kaamba ka mipikisano imene anthu amabetcherana ndalama, agaluwo akuthamangitsa chidole cha kalulu. Ku Britain mpikisano woyamba wa pa bwalo lozungulira unachitika mu 1926 pa bwalo la Belle Vue mumzinda wa Manchester.

Galu wa mpikisano amapuma ntchito akadali wamng'ono, kaŵirikaŵiri ali ndi zaka pakati pa 3 ndi 5, pamene moyo wake ungafike zaka 12 kapena kuposerapo. Motero panabadwa mabungwe omwe amapezera agaluŵa mabanja oti akawalere, monga Retired Greyhound Trust ya ku Britain, yomwe inakhazikitsidwa mu 1975 ndipo tsopano imatchedwa Greyhound Trust. Mu 2018 anthu a m'chigawo cha Florida ku America anavota kuti mipikisanoyi ithe pofika kumapeto kwa 2020, ndipo agalu ochuluka anatuluka m'makola a mpikisano kupita m'makomo a anthu. Galu wotere akafika pakhomo latsopano, ulendo wake woyamba umakhala wa kwa dokotala wa ziŵeto, ndipo kumeneko amatengedwa magazi.

Chifukwa choyezera galu wooneka wathanzi

Zifukwa zake zilipo zitatu. Choyamba, manambala otengedwa galu ali bwino amakhala poyambira. Tsiku limene adzadwale, dokotala adzayerekeza zatsopano ndi zakale za galu yemweyo. Chachiŵiri, galu amene wakulira m'khola la agalu ambiri angathe kubwera ndi matenda obisika, makamaka ofalitsidwa ndi nkhupakupa ndiponso njoka zam'mimba zoyamwa magazi. Ku America, ofufuza analengeza mu 2019 kuti njoka za mtundu wa Ancylostoma caninum zopezeka mwa agalu ena, kuphatikizapo a greyhound, sizikufanso ndi mankhwala angapo odziŵika. Choncho ndowe nazo zimayezedwa. Chachitatu, agalu ambiri opuma pa mpikisano amafulidwa kapena kuchotsedwa chiberekero, ndipo ambiri amafunika kutsukidwa mano, ntchito zimene zimachitika galu atagonetsedwa ndi mankhwala. Dokotala ayenera kudziŵa mmene impso ndi chiŵindi zilili asanamgonetse.

Katengedwe ka magazi

Galu amasala chakudya maola 8 mpaka 12, koma madzi amapatsidwa, chifukwa mafuta a chakudya amadetsa madzi a m'magazi ndi kusokoneza makina oyezera. Magazi amatengedwa pa mtsempha wa pakhosi kapena wa mwendo wakutsogolo, ndipo amagaŵidwa m'timabotolo tiŵiri. Ka chivindikiro cha mtundu wa papo, kamene kali ndi mankhwala a EDTA oletsa magazi kuundana, ndi koŵerengera maselo. Ka chivindikiro chofiira, kopanda mankhwala, ndi koyezera ntchito ya ziŵalo. Dontho limodzi limapakidwa pa galasi kuti likaonedwe ndi maikulosikopu. Galu asatengedwe magazi atangothamanga kumene kapena ali ndi mantha aakulu, pakuti pa nthaŵi yotere kapamba amafinyika ndi kutulutsira m'mitsempha maselo ofiira amene amasunga, ndipo nambala imakwera mongonyenga.

Maselo ofiira

Alangizi amene anagwirapo ntchito yofufuza matenda a kashembe pa ng'ombe amaudziŵa bwino muyezo wotchedwa PCV. Magazi amathiridwa m'kachubu kopyapyala, kamene kamazungulizidwa m'makina kwa mphindi zisanu, ndipo gawo lofiira lokhala pansi limaŵerengedwa m'maperesenti. Mwa agalu wamba malire ake ndi maperesenti 37 mpaka 55. Mwa greyhound wathanzi nambala imakhala pakati pa 50 ndi 65. Mibadwo yambiri ya kusankha agalu aliŵiro inasiya mtundu wa magazi onyamula mpweya wochuluka, pamodzi ndi mtima waukulu wowapopa.

Apa ndi pamene pali ngozi ziŵiri. Greyhound wa PCV ya 60 angaganiziridwe kuti watha madzi m'thupi kapena kuti magazi ake achita phala, chikhalirecho ali bwinobwino. Yoopsa kwambiri ndi yachiŵiri: greyhound wa PCV ya 40 ali mkati mwa malire a pepala, ndipo makina sadzaikapo chizindikiro chilichonse chochenjeza, koma galuyo angakhale atataya gawo limodzi mwa magawo atatu a maselo ake ofiira. Dokotala wodziŵa mtunduwu amayamba pomwepo kufunafuna kumene magazi akuthera, kaya ndi njoka zam'mimba, kachilombo ka Babesia kamene kamaswa maselo ofiira, kapena kukha magazi kwa mkati.

Kuchuluka kwa maselo ofiiraku ndi chimodzi cha zifukwa zimene zipatala za ziŵeto zimakondera greyhound monga wopereka magazi kwa agalu anzake. Mitsempha yake imaoneka msanga, amadekha potengedwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo alibe chizindikiro cha gulu la magazi chotchedwa DEA 1, motero magazi awo amalandiridwa ndi agalu ambiri.

Maselo oyera ndi mapulateleti

Pamene maselo ofiira ali ochuluka, oyera amakhala ochepa. Agalu wamba amakhala ndi maselo oyera 6,000 mpaka 17,000 pa microlitre imodzi ya magazi, koma greyhound wathanzi kaŵirikaŵiri amapezeka ndi 3,500 mpaka 6,500. Choncho nambala ya 4,000 siyenera kuchititsa mantha, pamene ya 14,000, yomwe pepala limati ndi yabwino, iyenera kukayikitsa kuti m'thupimo muli kutupa kapena tizilombo. Palinso gulu la maselo oyera lotchedwa eosinophil, limene mwa agalu ena limaoneka ndi timadontho tofiira likapakidwa utoto. Mwa greyhound ambiri timadonthoto sitigwira utoto, ndipo woyang'ana wosazoloŵera amayesa kuti ndi maselo oonongeka ndi matenda aakulu.

Mapulateleti ndi tizidutswa tothandiza magazi kuundana pa bala. Mwa agalu wamba timakhala 200,000 mpaka 500,000 pa microlitre, koma greyhound angatsike kufika cha m'ma 100,000 popanda vuto. Kuchepa kwa mapulateleti ndi chizindikiro chodziŵika cha matenda a Ehrlichia canis, ofalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira ya agalu, motero n'kosavuta kupatsa galu wathanzi mankhwala a doxycycline kwa milungu inayi popanda chifukwa. Nambala yotsika iyenera kutsimikizidwa pa galasi, popeza mapulateleti amatha kumatirirana m'kabotolo ndi kunamiza makina, ndipo matendawo ayezedwe mwa njira yawoyawo. Komanso Ehrlichia akakhalitsa amakweza mapuloteni a m'magazi otchedwa globulin. Popeza greyhound ali ndi mapuloteni ameneŵa ochepa mwachibadwa, kukwerako kungathe kubisala mkati mwa malire a agalu wamba.

Impso ndi chithokomiro

Creatinine ndi zotsalira za ntchito ya minofu zimene impso zimachotsa m'magazi, ndipo akachuluka timakayikira impso. Pa muyezo umene madokotala a maiko ambiri amatsatira, galu wodwala impso amaikidwa pa gawo lachiŵiri la matendawo creatinine akafika mamiligalamu 1.4 pa decilitre. Koma nyama ya minofu yambiri imapanga creatinine wambiri, ndipo greyhound wathanzi amapezeka ndi 1.6 kapena kuposerapo. Chothetsa mkangano ndi mkodzo: ngati uli wokhathamira bwino ndipo mulibe mapuloteni ochuluka, impso zikugwira ntchito. Kupanda kuyeza mkodzo, galu amaikidwa pa chakudya chodula cha odwala impso, ndipo mwini wake amakhala ndi nkhaŵa yopanda maziko.

Chithokomiro ndi kachiŵalo ka pakhosi kotulutsa homoni yotchedwa T4, yomwe imalamulira kagwiritsidwe ntchito ka chakudya m'thupi. Mwa greyhound T4 imakhala yotsika mwachibadwa, kaŵirikaŵiri pafupifupi theka la ya agalu ena. Chosokoneza china n'chakuti ambiri mwa agaluŵa amakhala ndi ntchafu zosoka ubweya, amamva kuzizira msanga ndipo amakonda kugona, zinthu zofanana ndi zizindikiro za chithokomiro chofooka. Chifukwa cha ichi agalu ambiri apatsidwa mapiritsi a homoni kwa moyo wawo wonse pamene sanali kudwala. Dokotala wosamala amayezanso homoni ina yotchedwa TSH, imene imakwera mwa agalu ambiri a chithokomiro chofookadi, ndipo sayamba mankhwala chifukwa cha T4 yokha.

Zimene kuyeza kwa nthaŵi zonse sikuonetsa

Pepala labwino si chitsimikizo chakuti opaleshoni idzayenda popanda chovuta. Ofufuza a pa Ohio State University ku America, m'gulu la Dr. Guillermo Couto, analengeza mu 2008 kuti mwa agalu a greyhound 88 amene anafulidwa kapena kuchotsedwa chiberekero, maperesenti 26 anayamba kukha magazi pansi pa khungu patapita maola 36 mpaka 48. Kuyeza kozoloŵereka kwa kuundana kwa magazi sikunathe kulozeratu agalu amene adzakhe. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti mankhwala a aminocaproic acid, oletsa magazi oundana kusungunuka msanga, amachepetsa vutoli. Ndiponso greyhound amachedwa kudzuka akagonetsedwa ndi thiopental, chifukwa ali ndi mafuta ochepa oti amwe mankhwalawo ndipo chiŵindi chake chimachedwa kuwaphwanya. Zonsezi dokotala amazidziŵira pa mtundu wa galuyo. Pepala la magazi silizinena.

Phunziro kwa alangizi a m'dera lathu

Agalu a greyhound ndi makaladi awo amapezeka kummwera kwa Africa, makamaka ku South Africa, kumene amaŵetedwa posakira nyama. Kumeneko kulinso Babesia rossi, mtundu woopsa koposa wa Babesia wa agalu, wofalitsidwa ndi nkhupakupa ya Haemaphysalis elliptica. Galu wa magazi a greyhound wogwidwa ndi kachilomboka angafike kwa mlangizi ali ndi PCV yooneka yabwino pa tchati cha agalu wamba, pamene maselo ake akusweka mofulumira. Kutentha thupi, usinini wotuŵa kapena wachikasu, ndi mkodzo wofiira ziyenera kulemekezedwa koposa tchaticho, ndipo galuyo atumizidwe kwa dokotala tsiku lomwelo.

Mfundo yomweyi ikhudza chiŵeto chilichonse chimene timatumizira magazi ake ku labotale. Lembani pa fomu mtundu wa nyama, zaka zake, ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, ndi zimene mwaona ndi maso. Funsani a labotale kuti malire awo anatengedwa pa nyama zotani, popeza makina ndi malire zimasiyana kuchokera ku labotale ina kupita ku inzake, ndiponso dziko ndi dziko. Ena amalemba creatinine m'mamiligalamu, ena m'ma micromole, ndipo 1.4 ya muyezo woyamba ndi pafupifupi 125 pa wachiŵiri. Kumbukirani kuti mwa nyama 20 zathanzi, imodzi imagwera kunja kwa malire ngakhale malirewo akhale oyenera, motero nambala imodzi yopatuka iyenera kubwerezedwa musanauze mwini chiŵeto kuti agule mankhwala. Pomaliza, limbikitsani mwiniyo kusunga pepala loyamba, lotengedwa nyama ili bwino, ndi kulinyamula ulendo uliwonse wopita kwa dokotala, pakuti pa tsiku la matenda ndilo lidzasonyeze kuti nambala yatsika kapena kukwera motani.