Mpikisano wa Malikisi pa Maseŵera a Civilization

Omvera amene amadziŵa bawo sangavutike kumvetsa maseŵera a pa kompyuta otchedwa Civilization, pakuti namonso oseŵera amapatsana mpata: wina akasuntha, amadikira kuti mnzake asunthe. Maseŵeraŵa anawakonza ndi Sid Meier ndi Bruce Shelley, ndipo kampani ya MicroProse ya ku America inawatulutsa m'chaka cha 1991.

Woseŵera amapatsidwa mtundu wa anthu m'chaka cha 4000 B.C., namanga mizinda, kulima minda, kuchita malonda ndi kumenya nkhondo. Mu Civilization IV, amene anatuluka mu 2005, nthaŵi imathera m'chaka cha 2050. Kompyuta imaŵerengera malikisi poona kuchuluka kwa anthu, kukula kwa dziko, nzeru zimene mtunduwo watulukira, ndi zomanga zozizwitsa monga mapiramidi. Imaonjezera malikisi kwa wopambana msanga, ndiponso kwa wosankha mlingo wovuta, kuchokera pa Settler kufikira pa Deity. Pomaliza imamfanizira ndi atsogoleri a m'mbiri: wochita bwino koposa amalingana ndi Augustus Caesar, wotsikitsitsa ndi Dan Quayle, amene anali wachiŵiri kwa pulezidenti wa America kuyambira 1989 mpaka 1993.

Apa mpamene pagona luso. Wopambana msanga amasiya mizinda yake isanakule, pamene wozengereza kuti anthu achuluke amataya malikisi a changu. Katswiri ndiye amadziŵa chaka choyenera kutsiriza, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Komabe mndandanda wa malikisi ungathe kunama. Wina amayambira pa nthaka yachonde m'mbali mwa mtsinje, wina m'chipululu. Nchifukwa chake gulu la okonda maseŵeraŵa la CivFanatics linakhazikitsa mpikisano wa mwezi ndi mwezi wotchedwa Game of the Month, m'mene onse amalandira mapu amodzi, mtundu umodzi ndi adani omwewo. Lamulo lake lalikulu nlakuti munthu akagonja pa nkhondo, asabwerere pamene anasungira maseŵera ake kuti ayesenso. Pa bawo wobweza njere amaonekera poyera, koma wa pa kompyuta amakhala yekha m'nyumba. Tsono oyang'anira amapenda zimene aliyense watumiza, ndipo wopezeka atabwerera, malikisi ake saŵerengedwa.