Loboti pambali pa mmisiri: nanga a ku Mecanhelas?

INSACA — Sitima ya malasha ikamadutsa pa Entre Lagos, m'boma lino la Mecanhelas, wanjinga amene wafika panjanji amatsika n'kudikira, ndipo amadikiradi. Mabogi ndi oposa 100, onse odzaza malasha a ku Moatize, paulendo wa makilomita 912 wopita kudoko la Nacala-a-Velha kudzera m'dziko la Malawi. Koma anthu amene akuyendetsa chisitima chonsecho sakwana zala za dzanja limodzi. Kudoko nakonso kulibe chigulu cha amuna a mafosholo. Kuli chimakina chimene chimagwira bogi, kuitembenuza chadodolido mpaka malasha onse atakhuthuka, kenaka n'kuibwezera panjanji.

Njanji ya pa Entre Lagos ilipo kuyambira 1970, koma ulendo wa malashawu unatsegulidwa mwalamulo mu 2017. Kuyambira pamenepo anthu a kuno akhala akuona ndi maso awo katundu wambiri akusunthidwa ndi manja ochepa. Chimakina cha kudoko chija si loboti ayi, koma nkhani ya maloboti imene yavuta m'mafakitale a maiko akunja ndi ya mtundu womwewo, ndipo ikukhudza mpunga wa m'madambo a nyanja ya Chirua kuposa m'mene ambiri akuganizira.

Tsono mawu akuti maloboti asasokoneze awerengi amene anayendapo ku Blantyre, kumene maloboti ndi nyali zoimitsa magalimoto pamsewu. Loboti ya m'fakitale ndi mkono wachitsulo wokhala ndi mfundo ngati phewa, chigongono ndi dzanja, woyendetsedwa ndi kompyuta. Yoyamba inayamba ntchito mu 1961 pafakitale ya General Motors ku New Jersey, m'dziko la America. Maloboti a mtundu umenewo ndi amphamvu, othamanga, koma sadziwa kuti pafupi pali munthu. Mu 1979 wantchito wa zaka 25 anaphedwa ndi mkono wa loboti pafakitale ya Ford ku Flat Rock, m'chigawo cha Michigan. N'chifukwa chake maloboti otere amatsekeredwa mumpanda wa waya ngati ng'ombe yolusa, munthu akugwira ntchito yake kunja.

Chatsopano n'chakuti mpandawo ukuchotsedwa. Mu 1996 aphunzitsi awiri a pa yunivesite ya Northwestern, J. Edward Colgate ndi Michael Peshkin, anatulukira makina ogwira ntchito limodzi ndi munthu, ndipo anawatcha cobot. Kampani ya Universal Robots ya mumzinda wa Odense ku Denmark inagulitsa mkono wake woyamba mu 2008. Dzina lake ndi UR5, umanyamula makilogalamu 5 okha, ndipo anthu awiri angathe kuusuntha popanda kreni. Mkono wotere umamva ukagunda chinthu chimene sunayembekeze, monga dzanja la munthu, ndipo umaima nthawi yomweyo. Kuuphunzitsa ntchito nakonso sikulira katswiri wa kompyuta nthawi zonse. Mmisiri amaugwira, kuuyendetsa ndi manja ake kuchoka pamene ukatenge chitsulo kufika pamene ukachisiye, ndipo mkonowo umabwereza ulendo umenewo usana ndi usiku. Ntchito yotopetsa yobwerezabwereza imakhala ya loboti. Kuyang'anira, kukonza pamene palakwika ndi kusintha ntchito zimatsalira munthu.

Ogulitsa amakonda kunena kuti makinawa ndi ofatsa. Kufatsako kuli ndi malire, pakuti mkono wofatsa ukagwira mpeni kapena moto wowotcherera zitsulo ungavulazebe. Mu 2016 bungwe loona za miyezo padziko lonse la ISO linatulutsa malangizo onena mphamvu imene loboti isapitirire ikakhudza chiwalo chilichonse cha thupi la munthu.

Malinga ndi bungwe la International Federation of Robotics, mu 2023 m'mafakitale a dziko lonse munali maloboti oposa 4 miliyoni, ndipo theka la atsopano a chaka chimenecho anaikidwa ku China. Pa maloboti 10 alionse atsopano, imodzi yokha ndiyo inali cobot. Palinso chimene a ku Germany anayamba kuchitcha Industrie 4.0 mu 2011: makina onse a m'fakitale kulumikizidwa kukompyuta, kuti injini ikayamba kutentha kapena kunjenjemera mosayenera izidziwika isanafe.

Nanga zonsezi zikufika bwanji ku Insaca, kumene makina odziwika ndi chigayo, makina osokera ndi owotcherera mafelemu a zitseko pamsika?

Njira yoyamba ndi ya ku Joni. Anyamata ambiri a m'mbali mwa malire muno, monga anzawo a ku Machinga ndi Mangochi, amayang'ana ku South Africa akafuna ntchito. Kumeneko maloboti anafika kale. Mu 2021 kampani ya Ford inalengeza kuti iika ndalama zokwana madola 1 biliyoni pafakitale yake ya ku Silverton, mumzinda wa Pretoria. M'nyumba yolumikizira matupi a magalimoto munaikidwa maloboti pafupifupi 500, ndipo kampaniyo inalembanso antchito ena 1,200. Apa maloboti sanathamangitse anthu. Mu 2025 kampani yomweyo inalengeza kuti ichotsa antchito oposa 470, ndipo chifukwa chimene inapereka ndi msika, osati makina. Chimene chasintha kweni-kweni ndi munthu amene akufunidwa pachipata. Wa mphamvu zokha, wopanda pepala la zamagetsi kapena zamakina, amatsala kunja.

Njira yachiwiri ndi yapafupi, ndipo ili m'golosale. Mecanhelas ndi boma la anthu ochuluka, pafupifupi 300,000 pa kalembera wa 2017, ndipo ambiri amadalira mpunga, chimanga, fodya ndi nsomba. Komabe dziko la Moçambique limaitanitsa mpunga wambiri kuchokera ku Asia. Mpunga umenewo umafika woyera, wopanda timiyala, wosasweka kwambiri. Sikuti alimi a kumeneko amapeta bwino kuposa amayi a kuno. M'zigayo zawo zikuluzikulu muli makina okhala ndi makamera amene amayang'ana njere iliyonse ikamagwa, ndipo yakuda kapena kamwala amakauzira pambali ndi mphepo. Mayi wa lichero ku Chiuta akupikisana ndi makina amenewo, ngakhale sanawaonepo. Wogula mumzinda wa Nampula sakufunsa kuti wapeta ndani. Akuyang'ana thumba ndi mtengo basi.

Anthu a ku Nampula amaidziwa bwino nkhani yotere chifukwa cha mtedza wa kaju. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dziko lino linali patsogolo padziko lonse pa mbewu imeneyi. M'zaka za m'ma 1990, boma litamasula malonda a kaju wosasenda potsatira zofuna za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, mafakitale akuluakulu anatsekedwa ndipo anthu zikwi zambiri anataya ntchito. Kenaka kunabwera mafakitale ang'onoang'ono osenda ndi manja, podalira kuti manja a kuno ndi otchipa. Koma dziko la Vietnam linapanga makina osendera, ndipo linayamba kugula kaju wosasenda ku Africa, kukamusendera kwawo, n'kugulitsa ku Ulaya ndi ku America. Ntchito inakwera sitima limodzi ndi kajuyo.

Wina angafunse ngati yankho ndi kugula cobot ndi kuiika m'chigayo cha ku Insaca. Pakali pano ayi. Mkono umodzi umagulidwa madola zikwi makumi angapo, osawerengera zogwirira zake ndi woukonza. Ambiri mwa makinawa sanyamula zoposa makilogalamu 20 kapena 30, pamene thumba la pamsika wa kuno ndi la makilogalamu 50, ndipo mnyamata waganyu amaliika paphewa ndi ndalama zochepa. Kompyuta yake imafunanso magetsi osazimazima. Pa magetsi zinthu zasunthako: mu 2023 ku Cuamba kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a Tetereane, a mamegawati 19, okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Koma magetsi paokha sakonza makina akafa.

Apa ndi pamene pali mfundo imene akuluakulu a boma lino ayenera kuiganizira. Insaca inakwezedwa kukhala munisipiyo ndipo inachita chisankho chake choyamba pa 11 October 2023. Ili ndi njanji pafupi, ili ndi mpunga, ili ndi achinyamata. Chimene munthu wofuna kumanga chigayo chamakono adzafunse si kuchuluka kwa manja, pakuti manja amapezeka kulikonse. Adzafunsa ngati pali mnyamata kapena mtsikana wodziwa kuwerenga mapu a mawaya, kusintha kamera yakufa ndi kuyeza injini, kuti asamaitanitse katswiri ku Nampula kapena ku Maputo makina akangoima. Maphunziro otere amafuna sukulu ya zaumisiri yokhala ndi zipangizo zenizeni, ndipo kwa mwana wa mlimi wa ku Mecanhelas ulendo wokawapeza umayambira pa ndalama ya thiransipoti, malo ogona ndi chakudya cha zaka zingapo.

Amisiri a pamsika wa Insaca sayambira pansi. Munthu amene amatsegula injini ya njinga yamoto yochokera ku China popanda buku, kapena kukonza foni pansi pa ambulera, anayenda kale gawo la ulendowo. Chimene alibe ndi pepala, ndi makina oti aphunzirirepo.

Mpunga ukakololedwa, pakati pa mwezi wa May ndi June, mavenda amafika ndi masikelo awo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Wambiri umagulidwa uli ndi mankhusu ake, pamtengo wa wosapuntha, n'kukwezedwa m'malole kupita kukapunthidwa kwina.