Siteshoni ya Chipata ndi Mlimi wa ku Mambwe

M'caka ca 1982 sitima yaliwiro ya Shinkansen inayamba kufika pa siteshoni ya Morioka, kumpoto kwa Japan. Wotsika sitimayi amapeza pomwepo zina zing'onozing'ono zomufikitsa ku midzi ya kumapiri ndi ya kunyanja.

M'caka comweco kuno kwathu kunayambika nchito ya njanji yocokera ku Mchinji kudza ku Chipata. Tinadikira zaka 28 kufikira Pulezidenti Rupiah Banda ataitsegula mu 2010, kuti katundu azipita ku doko la Nacala.

Koma m'boma la Mambwe mulibe njanji. Alendo odzaona nyama amatera pa ndege ku Mfuwe, pomwe mlimi wa kwa Jumbe kapena ku Masumba amadikira lole yonyamula thonje lake. Dzinja likafika ndipo Lupande akasefukira, midzi ina imasowa potulukira, ngakhale mayi wodwala apite ku cipatala.

Siteshoni yaikulu imapindulitsa wosauka pokhapokha pali njira yomufikitsako. Conco, abale, m'miphakati yathu tikambirane ndi mafumu ndi makhansala za misewu ya kumidzi ndi milatho yake.