Wokwera hatchi ndi amenenso amalambula njira

Ambiri mwa ife amene tinakulira mu Pathfinder timaukumbukira mndandanda wa ma honour. Tinaphunzira kumanga mfundo, kuphika pamoto wa kuthengo, kuzindikira nyenyezi ndi kupereka thandizo loyamba. Koma panali honour ina imene tinkangoidumpha, ya Horsemanship, yokhudza kukwera ndi kusamala hatchi. Tikanaipeza kuti hatchiyo? Kuno kwathu mahatchi ndi owerengeka, ndipo ambirife timawadziwira m'Baibulo, m'mene amatchedwa akavalo. Ochepa okha ndi amene anawaona paphiri la Zomba kapena ku Kande m'boma la Nkhata Bay, kumene alendo amawakwera atalipira.

Kusowa kwa mahatchi kuli ndi zifukwa zake. Akashembe amafalitsa nthenda imene imapha mahatchi, ndipo ilipo nthenda ina ya mahatchi ya kuno ku Africa yofalitsidwa ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu. Hatchi imafunanso chakudya ndi chisamaliro chimene banja la kumudzi silingakwanitse. N'chifukwa chake ngolo zathu zimakokedwa ndi ng'ombe kapena abulu.

Ngakhale zili choncho, kumaiko kumene mahatchi ali gawo la moyo wa tsiku ndi tsiku kuli zinthu ziwiri zimene ife tingatolepo nzeru: momwe amapewera ngozi pokhala ndi nyama yamphamvu, ndi momwe amasamalira njira zimene aliyense amayendamo koma palibe mwini wake.

Hatchi si ya olemera okha

Tikaona mpikisano wa mahatchi pa TV timaganiza kuti ndi masewera a anthu achuma basi. Koma m'madera a kumidzi ku America, Britain ndi kwina, mahatchi amasonkhanitsa anthu wamba monga momwe mpira umachitira kuno. Ku Britain bungwe la Pony Club linayamba mu 1929 kuti liphunzitse ana kukwera ndi kusamala mahatchi, ndipo lero lili m'maiko ambiri. Ku America ana a m'magulu a 4-H amaweta mahatchi n'kukawaonetsa pa zionetsero za zaulimi za m'dera lawo. Makampu ena a achinyamata a mpingo wathu kumeneko nawonso ali ndi makola a mahatchi.

Mahatchi amathandizanso anthu olumala. Mayi wina wa ku Denmark, Lis Hartel, anadwala poliyo ndipo miyendo yake inafooka kuyambira m'mawondo kutsika. Komabe mu 1952 anapata mendulo ya siliva pa masewera a Olympics ku Helsinki atakwera hatchi. Chitsanzo chake chinalimbikitsa anthu kutsegula malo kumene ana olumala amakwera mahatchi kuti alimbitse minofu ndi kukhazikika kwa thupi. Pamalo otere mwana mmodzi amafuna wotsogolera hatchi komanso anthu oyenda m'mbali mwake, ndipo ambiri mwa anthuwa ndi ongodzipereka, osalipidwa.

Nyama yaikulu koma yamantha

Hatchi yaikulu imalemera makilogalamu pafupifupi 500, ofanana ndi matumba khumi a chimanga, ndipo ikathamanga imapitirira makilomita 40 pa ola. Chodabwitsa n'chakuti ngozi zambiri sizichitika chifukwa choti hatchi ndi yolusa ayi, koma chifukwa ndi yamantha. M'chilengedwe hatchi ndi nyama yosakidwa ndi zilombo. Ikadzidzimuka imayamba yathawa, kuganiza pambuyo. Pepala la pulasitiki louluka ndi mphepo likhoza kuidumphitsa ngati yaona mkango.

Maso ake ali m'mbali mwa mutu, motero imaona pafupifupi mbali zonse nthawi imodzi, kupatula malo awiri: kutsogolo kwenikweni kwa chipumi chake ndi kumbuyo kwenikweni kwa mchira. Munthu wotulukira mwakachetechete m'malo awiriwa amaoneka ngati chilombo chozembera, ndipo yankho la hatchi ndi theche. Pamenepa ndi pamene pachokera malamulo amene mwana aliyense amaphunzitsidwa tsiku loyamba. Hatchi timaifikira chapaphewa, tikulankhula motsitsa mawu kuti idziwe kuti ndife anthu. Sitiima kumbuyo kwake. Tikafuna kudutsa kumbuyoko timapita patali pomwe mwendo sungafike, kapena timadutsa pafupi kwambiri dzanja lili pamsana pake, chifukwa theche limapweteka kwambiri mwendo ukatambasuka wonse.

Hatchi imachenjeza isanachite kanthu. Makutu akaloza kutsogolo ndiye kuti ikutchera khutu ku chinachake. Akagonera kumbuyo n'kumamatira pakhosi, yakwiya, ndipo wanzeru amafutuka. Kumaiko amenewa hatchi yodziwika ndi khalidwe lomenya theche amaimanga kansalu kofiira kumchira kuti obwera pambuyo asayandikire.

Malamulo ena ndi ang'onoang'ono koma anabwera anthu atavulala. Chingwe chotsogolera hatchi sitichikulunga kudzanja, chifukwa ikathawa imakhwekhwereza munthu kapena kumuthyola zala. Poimangirira timamanga mfundo yomasuka ndi kukoka kamodzi, yomwe aliyense wa Pathfinder angaiphunzire msanga. Poipatsa chakudya timatambasula chikhatho kuti isalume zala. Wokwera amavala nsapato zotseka zokhala ndi chidendene, kuti phazi lisalowe lonse m'chopondera n'kukodwa iye akagwa. Chakudya chovunda kapena chosinthidwa mwadzidzidzi n'choopsa, pakuti hatchi sitha kusanza, ndipo kupotokola kwa m'mimba kumapha mahatchi ambiri.

Lamulo lalikulu pa onse ndi helemeti. Mutu wa wokwera umakhala mamita oposa 2 kuchokera pansi. Mu 2010 Courtney King-Dye, katswiri amene anaimirapo dziko la America pa Olympics, anagwa hatchi yake itapunthwa pokonzekera chabe. Sanavale helemeti ndipo anavulala kwambiri mu ubongo. Ngozi yake inachititsa kuti malamulo ovala helemeti pa mipikisano akhwimitsidwe. Ngati katswiri wotere anagwa, nanga ife amene timakwera kabaza wa njinga yamoto mutu uli pamtunda, ati n'pafupi pomwepa, tikudalira chiyani?

Anthu anayi a ku Montana

Kumpoto chakumadzulo kwa America, m'chigawo cha Montana, kuli nkhalango yamapiri yotchedwa Bob Marshall Wilderness, yokula masikweya kilomita oposa 4,000. Lamulo la Wilderness Act la mu 1964 limaletsa magalimoto ndi makina a injini m'nkhalango za mtundu umenewu. Wofuna kulowamo amayenda pansi kapena kukwera nyama.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, okwera mahatchi anayamba kuopa kuti nawonso aletsedwa. Madandaulo analipo ndipo ena anali oona: ziboda zinkakumba njira, mahatchi omangiriridwa pamitengo ankaononga makungwa ndi mizu, ndipo malo ogona ankasiyidwa auve. Mu 1973 anthu anayi a m'chigwa cha Flathead anayambitsa gulu lotchedwa Back Country Horsemen. Sanalekere pa kudandaula kuboma. Anagwirizana zophunzitsa anzawo kuyenda m'nkhalango osaiononga, komanso kugwira ntchito yokonza njira popanda malipiro. Gululi linafalikira m'zigawo zambiri ndipo lero limatchedwa Back Country Horsemen of America.

Ntchito yake ndi yaikulu. Mu 2013 ofesi yofufuza ntchito za boma la America, ya Government Accountability Office, inapeza kuti nthambi ya zankhalango ya dzikolo inali ndi njira zotalika makilomita pafupifupi 254,000, koma gawo limodzi lokha mwa magawo anayi ndi limene linali pamlingo woyenera. Mu 2016 dzikolo linakhazikitsa lamulo lofuna kuchulukitsa ntchito ya anthu ongodzipereka pa njirazi. Ngakhale boma lolemera chotero linavomereza kuti palokha silingathe.

Okwera mahatchi ali ndi mwayi umene oyenda pansi alibe. Hatchi kapena nyulu imanyamula zipangizo, matabwa a milatho ndi chakudya cha ogwira ntchito kukafika kumene galimoto siloledwa. Mtengo ukagwa n'kutseka njira, macheka a injini saloledwa, choncho amaudula ndi macheka aatali ogwira anthu awiri, ofanana ndi amene ocheka matabwa kuno kwathu amagwiritsa ntchito. Chida chawo china ndi pulaski, nkhwangwa mbali ina, khasu mbali inayo, chotchedwa dzina la Ed Pulaski, mlonda wa nkhalango wa ku Idaho.

Mdani wa njira ndi madzi

Wokonza njira aliyense amadziwa kuti chimene chimapha njira si mapazi kapena ziboda, koma madzi. Mapazi amangoyamba pokumba kamgula pakati pa njira. Mvula ikagwa madzi amatsata kamgulako, akamatsetsereka amawonjeza liwiro, n'kutenga dothi. Njira ikasanduka ngalande anthu amayamba kulambalala m'mbali, udzu umafa, ndipo pakapita zaka zingapo pamakhala chigwembe.

Mankhwala ake ndi kuchotsa madzi m'njira asanapeze mphamvu. Njira ya m'mbali mwa phiri amaipendeketsa pang'ono chakumunsi kuti madzi adutse mopingasa m'malo moitsata. Pamtunda uliwonse amakumba kangalande kopingasa kapena kuika chipika kapena miyala mopendekera, kuti madzi apatukire kuthengo. Pokwera phiri njira imakhota uku ndi uku m'malo molunjika, ndipo wodula makona amenewa amatsegulira madzi khomo. Aliyense amene anapangapo akalozera kapena kubzala vetiva m'munda wotsetsereka aona kuti nzeru yake ndi yomweyo.

Njira ya mahatchi amaisadzira nthambi mpaka mamita atatu m'mwamba kuti wokwera asagunde mutu. Pogona m'nkhalango samangirira hatchi pamtengo. Amakoka chingwe m'mwamba pakati pa mitengo iwiri, ataika malamba otakata oteteza makungwa, n'kumangirira nyamazo pachingwepo, kutali ndi mtsinje mamita osachepera 60. M'nkhalango zambiri udzu wodyetsa mahatchi umayenera kukhala woyesedwa kuti ulibe njere za zomera zachilendo. Ife amene taona namasupuni atadzaza mtsinje wa Shire tikudziwa zimene chomera chachilendo chimachita.

Palinso mwambo wopatsana njira. Wa njinga amapatukira woyenda pansi, ndipo onse awiri amapatukira hatchi. Wopatukayo amaima chakumunsi kwa njira, osati chakumtunda, chifukwa chilombo chimadumphira nyama kuchokera pamwamba. Amapereka moni mokweza pang'ono kuti hatchi izindikire kuti chimene chasenza chikwamacho ndi munthu. Ku Britain malamulo a pamsewu kuyambira mu 2022 amauza oyendetsa galimoto kuti podutsa hatchi asapitirire makilomita 16 pa ola ndipo asiye mpata wa mamita awiri.

Nanga ife?

Mahatchi tilibe, koma abulu ndi ng'ombe zapangolo tili nazo, ndipo nthawi zambiri oziyendetsa ndi ana a msinkhu wa ku pulayimale, omwewo amene ife ophunzira zauphunzitsi tidzakhale nawo m'kalasi. Bulu amasiyana ndi hatchi pa chinthu chimodzi: akaopa sathawa, amaima nji kuti aone kaye. Ife timati ndi makani, n'kutenga chikoti. Nkhani ya Balamu pa Numeri 22 timaiwerenga kawirikawiri, koma sitiilumikiza ndi mwana amene akukwapula bulu pamlatho wothyoka matabwa. Mphunzitsi akhoza kuuza ana kuti asaime kumbuyo kwa bulu, asakulunge chingwe kudzanja, asadzaze ngolo mopitirira, ndi kuti ngolo yoyenda usiku ikhale ndi chonyezimira kumbuyo. Phunziro lotere silitha mphindi khumi.

Njira zopanda mwini nazonso tili nazo: yopita kusukulu, kumjigo, kuchipatala, kutchalitchi. Dzinja lililonse ana ena amajomba chifukwa njira yasanduka chigwembe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola njira ndi milatho ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kummwera, ndipo midzi ina inakhala masiku osafikika. Namondwe sitingamuletse, koma kuonongeka kwa chaka ndi chaka kumayamba ndi kamgula kamene anthu asanu a makasu akanakatseka m'mawa umodzi wa mwezi wa Okutobala.

Tikudziwa chifukwa chake ntchito yopanda malipiro imatiwawa. Agogo athu anavutika ndi thangata m'minda ya atsamunda, ndipo makolo athu amakumbukira Youth Week ya nthawi ya Kamuzu Banda imene munthu sankatha kuikana. Lero ambiri timafunsa kaye za alawansi. Koma anthu a ku Flathead aja sanakakamizidwe ndi wina aliyense. Anaona kuti njira imene amaikonda adzaitaya akapanda kuisamala okha. Walira mvula walira matope.

Magulu ambiri kunjaku amagwira ntchitoyi Loweruka, limene kwa ife ndi Sabata. Lamulungu lilipo. Kalabu ya Pathfinder kapena gulu la achinyamata pampingo likhoza kusankha njira imodzi, kupempha chilolezo kwa a mfumu, n'kuiyendera mvula ikugwa kuti lione kumene madzi akulowera ndi kumene angapatukire. Kenako makasu, zikwanje ndi miyala, mvula yoyamba isanafike ndiponso ikatha. Honour ya Horsemanship mwina sitidzaivala pa lamba wathu, koma njira yopita kusukulu ikhoza kudutsika mwezi wa Febuluwale.