Kodi mumadziwa? Nyimbo nazo zili ndi eni ake

Kodi mumadziwa kuti kanyimbo kaja timaimba podula keke pa tsiku lobadwa kanali ndi mwini? Kampani ya Warner/Chappell ya ku America inkalipiritsa aliyense wokaika mu filimu kapena pa TV, mpaka khoti linaletsa mu 2015. Kanyimbo kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe, koma akuti pachaka kankabweretsa madola pafupifupi 2 miliyoni!

Nanga za Solomon Linda munazimva? Bambo ameneyu ankalongedza malekodi ku kampani ya Gallo ku South Africa, ndipo mu 1939 anajambula nyimbo yake ya "Mbube". Umwini wake anaugulitsa kwa mabwana akewo pa masheleni 10 basi.

Nyimboyo siinakhale pansi. Inawoloka nyanja, azungu n'kuitcha "The Lion Sleeps Tonight", kenako mu 1994 inakalowa mu filimu ya Disney ya The Lion King. Linda anali atamwalira kale ali mmphawi mu 1962, ndipo ana ake anachita kupita kukhoti kuti mu 2006 ayambe kulawako: patapita zaka 44.

Michael Jackson ndiye anachenjera mapeto. Paul McCartney atamutsina khutu kuti ndalama zenizeni zili pa umwini wa nyimbo, mu 1985 Michael anagula kampani ya ATV pa madola 47.5 miliyoni, momwe munalinso nyimbo zambiri za Beatles, gulu la McCartney yemweyo. Mlangizi anangoti kakasi! Kampaniyo itaphatikizana ndi Sony, gawo la Michael linadzagulitsidwa mu 2016 pa madola 750 miliyoni.

Inu mukanamukana Elvis Presley? Dolly Parton anakana kuti Elvis aimbe nyimbo yake ya "I Will Always Love You", chifukwa manijala wa Elvis ankafuna theka la umwini wake. Mayiyu akuti analira usiku wonse, koma mu 1992 Whitney Houston anaiimba, n'kukhala pa nambala wani ku America masabata 14, ndalama zikupita kwa Dolly.

Kuno kwathu bungwe la COSOMA lakhala likutolera ndalama za oimba ndi olemba kuyambira mu 1992. Tsono inu amene mwajambula kanyimbo kanu ku situdiyo, mwakalembetsa? Ndipo pepala limene akukupatsani kuti musaine, liwerengeni kawiri musanagwire cholembera.