Nkhalango ya Kasungu

Nkhalango ya Kasungu ndi malo osungirako nyama zakutchire amene ali kumadzulo kwa tawuni ya Kasungu, m'malire a Malawi ndi Zambia. Boma linaikhazikitsa ngati paki m'chaka cha 1970. Kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 2,000, ndipo m'Malawi muno imangoposedwa ndi Nyika. Mbali yaikulu ndi tchire la mitengo ya miombo, ndipo pakatipakati pali madambo ndi mitsinje monga Dwangwa ndi Lingadzi.

Kumene nyama zimaonekera

Malo odalirika kwambiri ndi damu la Lifupa, pomwe palinso malo ogona alendo. Mvuu zimakhala m'damumo chaka chonse, ndipo njovu zimabwera kudzamwa madzi, kawirikawiri dzuwa likapendeka. M'madambo mumapezeka njati, mbidzi, mphoyo ndi njiri. Mphalapala, chilembwe ndi ngoma zimakonda mkati mwa miombo, ndipo zimafuna munthu wodekha, pakuti mitengo ndi yothithikana. Fisi ndi nyalugwe ziliko, koma zimayenda usiku. Amene akufuna kuona nkhalangoyi patali amakwera phiri lamiyala la Black Rock.

Nyengo yabwino

Chimene chimasonkhanitsa nyama ku Kasungu ndi ludzu. Kuyambira Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Novembala udzu umakhala utauma kapena kupsa, mitengo yayoyola masamba, ndipo zithaphwi zambiri zaphwa. Nyama zimakakamizika kutsikira kumene madzi atsala. Okutobala amatentha koopsa, koma ndi mwezi umene mlendo amaona zambiri. Nthawi yoyenera ndi m'mamawa ndi chakumadzulo. Masana nyama zimausa pamthunzi.

Mvula ikayamba, cha mu Disembala, madzi amapezeka paliponse ndipo nyama zimabalalika. Udzu umatalika kuposa munthu, misewu ina imaterera, galimoto n'kutitimira. Nyengoyi imakomera okonda mbalame, chifukwa zina zochokera kumayiko akutali zimakhala zafika. M'tchiremo muli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, choncho alendo amalangizidwa kuvala zofunda manja ndi miyendo, kupewa zakuda ndi zabuluu.

Njovu ndi anthu oyandikana nazo

M'zaka za m'ma 1970 njovu za ku Kasungu zinkaposa 1,000, koma opha nyama mozemba anazipulula mpaka kutsala pafupifupi 50 pofika 2015. M'chaka cha 2022 nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, mogwirizana ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks, inasamutsira kuno njovu 263 kuchokera ku Liwonde.

Mlendo tsopano ali ndi mwayi waukulu woona njovu, koma minda ya fodya ndi chimanga imafika m'mphepete mwenimweni mwa nkhalangoyi. Njovu zakhala zikutuluka n'kukaononga mbewu ndi nkhokwe, ndipo anthu ena aphedwa ku Malawi ndi ku Zambia komwe. Kummawa kwa pakiyi kwamangidwa mpanda wamagetsi, pomwe kumadzulo kunasiyidwa kotsekula kuti nyama zizitha kuyenda mpaka ku nkhalango ya Lukusuzi ku Zambia.