Ndinasoka Dracula, koma mtima uli m'mwamba

Abale anzanga a mu msika, pa zaka zanga zopalasa makina a Singer pakhonde ndasoka madilesi a ukwati, mayunifolomu a Mvano, ngakhale nsalu za m'bokosi. Koma oda yomwe ndinalandira chakumapeto kwa Okutobala inandiumitsa pakamwa.

Anabwera mayi wina wa kumayadi ali ndi mnyamata wake wa zaka 12. Ati kusukulu kuli phwando la Halloween, lija amachita azungu pa 31 Okutobala, ndiye mwana akufuna kuvala ngati Dracula. Safunsa anadya phula, ine ndinafunsa. Mwana uja anandilongosolera kuti Dracula ndi munthu wa m'buku lomwe analemba Bram Stoker mu 1897, mfumu ya ku Transylvania, m'dziko la Romania, yomwe imadzuka m'bokosi usiku kukayamwa anthu magazi.

Ndinati: "Mayi, mukuti ndimusokere mwanayu zovala za namapopa?"

Iwo kuseka. Ine ayi.

Poti ndalama ilibe fungo, ndinalowa mu kaunjika. Shati yoyera ya manja aatali, thalauza lakuda ndi kajekete kopanda manja ndinazipeza pa belo limodzi. Chofunda cha kumsana ndinadula ku siketi yaikulu yakuda, m'kati n'kuikamo katani yofiira. Kuti kolala iime njo ngati ya Bela Lugosi mu kanema wa 1931, ndinasokereramo katoni ya bokosi la nsapato. Pakhosi tinamangapo kariboni kofiira ndi batani lalikulu lonyezimira.

Za kunkhope anathandiza alamu anga a saluni. Anamudzoza Vaseline pang'ono, n'kuwaza paudala wa makanda mpaka nkhope kuchita mbuu. Kuzungulira maso anadetsa ndi pensulo ya nsidze. Mano awiri osongoka tinadula ku kachigubu koyera, n'kupala m'mbali kuti asacheke nkhama. Magazi? Chidede chowiritsa ndi shuga mpaka kulemerera. Atadziyang'ana pagalasi, mwana anadzithawa yekha!

Tsono nkhani yanga ili apa. Kwa azungu izi ndi zosewera, koma kwathu kuno mawu oti namapopa anaphetsa anthu. Mphekesera za mu 2002 zinachititsa kuti mu Januwale 2003 anthu agende a Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula ku Blantyre. Mu 2017 zinabukanso ku Mulanje ndi Phalombe, bungwe la United Nations mpaka linachotsako antchito ake, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa. Mmodzi anali wodwala khunyu, anamuwotcha mu Blantyre momwemu. Namapopa weniweni amene anagwidwa ndi ndowa ya magazi? Palibe ndi mmodzi yemwe.

Ndiye popereka katundu ndinaika lamulo. Zovala zilowe m'jumbo yakuda. Mwana akavalire kusukulu konko, akavulire konko, nkhope asukusule asanatuluke pageti. Asayerekeze kukwera nazo minibasi kapena kudutsa nazo pamsika dzuwa litalowa. Mayi aja anati ndikukokomeza. Ndinawayankha kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Usiku umenewo tulo sindinatione. M'mawa mwake ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: mwana ali gwa, wapata mphoto, nkhope yosamba bwino. Apo mpamene phala linatsika.

Anzanga atelala ndi a kaunjika, oda yotere ikakupezani landirani, ndalama yake ndi yabwino. Koma jumbo yakuda musaiwale.